Impso Imene Ndinkasungira Mzime

Lachitatu, 5 Malichi

Kope ili andibweretsera ndi abambo akunyumba kuti ndizilembamo madzi amene ndamwa ndi mkodzo umene watuluka. Anesi ali nalo pepala lawo, koma ine pa nkhani yoyeza sindikhulupirira munthu. Zaka 22 ndakhala ndikuyeza ufa, shuga ndi yisiti kubekale, ndipo palibe anabwezapo buledi wanga kuti wapepuka. Ndizilemba, n'kumawonjezerapo zina, poti nthawi muno yachita kutayika.

Ndinalowa Lolemba. Akuti ndinagwa pafupi ndi uvuni waukulu, thireyi ya mabanzi ili m'manja. Kugwako sindikukukumbuka. Ndikukumbuka fungo la mabanzi opserera, kenako denga la chipatala likuyenda pamwamba panga.

Wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Diripu kudzanja lamanzere, kapaipi ka mkodzo. Mkodzo wa dzulo lonse: mamililita 180, wooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ntchafu zikuwawa ngati anachita kundipuntha.

Adokotala a impso afika cha m'ma 10. Ndi omwe aja amaona Mzime, mwana wanga wotsiriza, amene impso zake zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito chaka chatha ali ndi zaka 23. Ndi omwenso anatiyeza banja lonse mu Januwale. Abambo ake magazi awo sanagwirizane ndi ake, mkulu wake anamupeza ndi shuga. Ndinatsala ine ndekha. Anati ndikhoza kumupatsa impso yanga imodzi, bola ndichepetse thupi kuchoka pa makilo 88 kufika pa 77. Ndikangofika pamenepo atipatsa tsiku la opaleshoni.

Lero anaima kumiyendo kwa bedi, n'kuwerenga fayilo mpaka kumapeto asanandiyang'ane.

"Mayi, impso ndinakusungitsani zija mwazitani?"

Ndinayang'ana diripu.

Lachinayi, 6 Malichi

Nambala ya zoipa zotsalira m'magazi, imene iwo amati kiriyatinini: 610. Ya munthu wabwinobwino akuti sipitirira 90. Mu Januwale yanga inali 72, adokotala mpaka anaiyamikira. Mkodzo: 150.

Andifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Minofu ya m'ntchafu inaphwanyika chifukwa ndinkailimbitsa mopyola muyezo ili ndi njala. Zinyenyeswa zake zinalowa m'magazi n'kukatseka impso. Kuwonjezera apo thupi linali louma, ndiye mapiritsi opha ululu amene ndinkamwera mawondo anadzamalizitsa.

Ndafunsa ngati impso zidzuke. Ati tidikire. Ndafunsa za Mzime. Ati funso limenelo si la sabata ino.

Pabedi la kumanja kwanga pali mayi wina wamkulu thupi amene anapuma ntchito ya upolisi. Wodi yonse imawatchula kuti Asajeni. Ali ndi vuto la mtima, miyendo yatupa, koma pakamwa pali bwinobwino. Afufuza kale kumene ndimagwira ntchito ndipo andipatsa dzina loti a Mabanzi.

Mzime sakudziwa. Amakhala kwa mkulu wake chifukwa ndi kufupi ndi kuno, ndipo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amabwera kumakina osefa magazi, chipinda chapansi m'nyumba yomwe ino. Ndawauza abambo kuti amuuze kuti ndi BP chabe, komanso asakwere kuno angatengere chifuwa. Bodza loyamba ndi loona pang'ono, BP ili 168 pa 100.

Lachisanu, 7 Malichi

Kiriyatinini 705. Mkodzo 130.

Kwabwera katswiri wa zakudya, mtsikana wa magalasi amene anandiwerengera chakudya mu Januwale. Anakoka mpando, n'kutulutsa pepala lomwe lija analemba tsiku limenelo. Ndilemba monga tinayankhulirana, mwina mutu wanga umva bwino ukaona palembedwa.

"Tiyambire limodzi, amayi. Thupi lanu, potengera kulemera, kutalika ndi zaka 47, limatentha makalori pafupifupi 1,500 pa tsiku ngakhale mutangogona osatembenuka. Amenewo ndi a mtima, mapapo, ubongo ndi impso. Mukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Tinachulukitsa ndi 1.6 chifukwa mumagwira ntchito choimirira tsiku lonse, komanso tinagwirizana kuti muziyenda ndawala mphindi 40, masiku asanu pa sabata. Zinakwana 2,400. Amenewo ndi oti thupi lingokhala pomwe lili. Tinachotsapo 500, kutsala 1,900. Ndinati mukamadya amenewo muzitsika theka la kilo pa sabata. Makilo 11, masabata 22. Ndiye inu munkadya angati?"

"900."

Anavula magalasi. "Nambala imeneyo munaitenga kuti?"

Ndinamuuza. Masabata 22 ndinawaona kutalika. Mwana amatuluka kumakina kuja atalefukiratu, kukwera basi achite kumugwira. Ndinakhala pansi ndi pensulo n'kuchita zimene ndimachita kuntchito. Oda ikakula katatu, chilichonse ndimachulukitsa katatu, ndipo buledi amatuluka chimodzimodzi. Ndiye 500 katatu ndi 1,500. Kuchotsa pa 2,400, kutsala 900. Mphindi 40 katatu ndi maola awiri, ndipo ndinasiya kuyenda n'kuyamba kukwera ndi kutsika masitepe a pabwalo la masewero, tsiku lililonse ndikaweruka. Masabata 22 anasanduka asanu ndi awiri. Masamu ake analibe cholakwika, ndinawabwereza kawiri.

"Nanga madzi?"

Apo ndinazengereza, koma ndinanena. Lofu imalowa mu uvuni ili magalamu 800, imatuluka ili 700. Chimene chimachoka ndi madzi, wophika aliyense amadziwa. Ndiye masabata awiri omaliza, sikelo itayamba kukakamira pa 81, ndinkavala pepala la pulasitiki m'kati mwa ovololo n'kumaima dala pafupi ndi uvuni. Madzi kapu imodzi pa tsiku. M'mawa wa tsiku ndinagwalo sikelo inati 79, ndipo ndinapita kuntchito ndikuimba.

Mtsikanayo anati, "Amayi, ine za buledi sindizidziwa. Mukachulukitsa ufa katatu, moto wa uvuni mumauchulukitsanso katatu?"

"Ayi. Angapserere kunja, m'kati muli mwamuwisi."

"Nanga nthawi yoti afufume mumaidula patatu?"

Ndinapsa mtima, osati ndi iye, koma poti funsolo ndikanatha kudzifunsa ndekha.

Atachoka, Asajeni, amene ankanamizira kugona, anatembenuka. "A Mabanzi, ine ndamanga anthu zaka makumi atatu, koma munthu wodzimanga yekha, n'kudzitsekera, n'kudzimana chakudya ndi madzi omwe, ndamuona lero. Akaidi anga ankadya bwino kuposa inu."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawayankha.

Loweruka, 8 Malichi

780. Mkodzo 110. Diripu aichepetsa chifukwa madzi sakutuluka, akungodzaza m'thupi. Mphete sikuvulika. Nseru tsiku lonse. M'kamwa mukumveka ngati ndayamwa kiyi.

Ndatopa.

Lamlungu, 9 Malichi

Tsiku la alendo ambiri. Wodi yonse kununkhira zakudya za m'makontena. Abambo abweretsa mpunga, nkhuku, nthochi ndi malalanje. Nesi wamkulu anatulutsa nthochi ndi malalanje n'kuwabwezera m'manja, akuti zili ndi mchere wina umene impso zanga sizingathe kuchotsa pakali pano. Masabata asanu ndi limodzi ndinkakana chakudya chili chololedwa. Lero ndachilakalaka chili choletsedwa. Nkhuku ndinangoilawa, yotsalayo Asajeni anaigwira n'kuiweruza pomwepo.

Abambo anakhala pampando chipewa chili pabondo. Ndi kalipentala, manja awo sazolowera kukhala opanda chogwira, ndiye ankangogwedeza chitsulo cha bedi kuona ngati chili cholimba.

"Ine ndi amene ndinalakwa, mayi. Ndinkakuonani mukudya dzira limodzi ndi masamba, ine n'kumati mwayamba kuoneka ngati nthawi ndinkakufunsirani ija. Ndinkayesa ndikukulimbikitsani."

"Munkanama. Nthawi imene ija ndinali wonenepa kale."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa. Ndinawauza kuti asiye, muno muli anthu. Zoona zake n'zakuti ngakhale akanandiletsa sindikanawamvera. Sindinayambe ndawamverapo pa nkhani ya kukhitchini.

Mzime watumiza uthenga pafoni: "Amayi, muzimwa mankhwala a BP mosadumphitsa. Osamaganiza kwambiri za ine." Ndayankha kuti ndikupezako bwino.

Lolemba, 10 Malichi

860. Adokotala akuti mchere uja wakwera kufika poopseza mtima. Makina, lero lomwe.

Ndawachonderera kuti tidikire mawa, lero ndi tsiku la Mzime. Ati mtima wanga sudziwa kalendala. Andiika kapaipi pakhosi. Akubwera ndi njinga ya odwala.

Lachiwiri, 11 Malichi

Dzulo sindikanatha kulemba.

Chipinda cha makina chija ndimachidziwa, ndakhala ndikudikira pabenchi la panja pake chaka chonse, koma ndinali ndisanalowepo pa njinga. Makina asanu ndi atatu, asanu ndi awiri ali ndi anthu. Otsalawo anali oyandikana ndi a Mzime. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Anali atavala juzi yanga yofiirira ija anandibera chaka chatha, bulangeti m'miyendo, tomvetsera nyimbo m'makutu. Atandiona anamwetulira n'kuchotsa kamodzi.

"Amayi, mwabwera kudzandiona? Akulolani kutsika?"

Kenako maso ake anafika pakhosi panga. Kapaipi kameneka amakadziwa kuposa aliyense, nayenso anayambira komweko. Anayang'ana mapazi anga otupa, n'kuyang'ana nesi amene ankakonza makina a pambali pake.

"BP ija ndi imeneyi?"

Nesi anandikweza pampando n'kulumikiza mapaipi. Nditaona magazi anga akuyenda kunja kwa thupi mutu unazungulira.

"Musamawayang'ane," anatero Mzime. "Muziyang'ana wotchi, kapena denga. Miyendo ikayamba kukokana muziwauza msanga, osalimba mtima. Muzizidwa pakapita ola." Anakoka bulangeti lake ndi dzanja lomwe linalibe singano n'kupempha nesi kuti andifunditse.

Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Munkadya chiyani?"

"Ndinkadya."

"Amayi."

Ndinamuuza zonse, 900, masitepe, pulasitiki, kapu imodzi ya madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye munaona kuti pakhomo pathu odwala achepa?"

Anabwezera kanyimbo kake m'khutu n'kutembenukira kwina. Ine ananditulutsa patatha maola awiri, poti koyamba safuna kuchulutsa. Iye anatsala, ake ndi anayi. Mmene ankandikankha kutuluka anali asanatembenuke, koma mapewa ankagwedezeka.

Chaka chonse ndinkati ndikudziwa zimene mwanayu amakumana nazo. Ndinkadziwa benchi chabe.

Lachitatu, 12 Malichi

Makina kachiwiri, maola atatu. Andiika kutali ndi iye, pafupi ndi khomo. Anandipatsa moni wa mwambo, "Mwadzuka bwanji amayi," basi. Miyendo inakokana ola lachitatu, ndinawauza msanga.

Nditabwerera ndinagona mpaka chakudya chamadzulo chinazizira. Mkodzo 240.

Lachinayi, 13 Malichi

Mkodzo 600, mtundu wayamba kuyera. Nesi ananyamula thumba la mkodzowo n'kulionetsa kwa mnzake ngati mwana wobadwa kumene. Sindinaganizepo kuti tsiku lina anthu adzandiyamikira chifukwa chokodza.

Asajeni akuti tichite phwando. Ndawauza kuti akayambe ndi kusiya kubisa mchere m'pilo, dokotala wawo akudabwa kuti miyendo bwanji sikuphwa. Ati wapolisi saululidwa ndi wamba.

Lachisanu, 14 Malichi

Mkodzo 1,500. Kiriyatinini 520. Makina ayamba aima, aone ngati impso zipitirize zokha. Ndinasangalala, kenako ndinakumbuka kuti pa ola lomwelo Mzime ali pampando wake pansipa, ndipo iye palibe amene adzamuuze kuti makina aima.

Sanakwere kudzandiona. Sindikumudandaula.

Lolemba, 17 Malichi

Kiriyatinini: Loweruka 390, dzulo 300, lero 240. Kapaipi ka mkodzo achotsa. Tsopano akuti ndizimwa malita atatu pa tsiku, impso zikutaya madzi ambiri. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera, ndikugwira khoma. Ine amene ndinkakwera masitepe maola awiri.

Andiyeza pa sikelo ya muno: 83. Ndiye kuti pa makilo asanu ndi anayi ndinkanyadira aja, anayi anali madzi. Mwa asanu otsalawo, katswiri wa zakudya akuti gawo lina ndi minofu, osati mafuta. Thupi likamanidwa chonchi limayamba kudya nyama yake yomwe.

Wabweranso ndi pepala latsopano. Pakali pano akuti za kuchepetsa thupi ndiiwale, ndizidya mokwanira mpaka impso ndi minofu zichire. Adokotala akadzalola, tidzawerengerenso kuyambira pachiyambi, chifukwa nambala zimasintha thupi likasintha. Kuchotsa 300 kapena 500 basi, osatsika kupyola zimene thupi limatentha likagona. Tsiku loyenda kwambiri, kudyanso mowonjezera pang'ono. Kuyeza sikelo kamodzi pa sabata, osati katatu pa tsiku ngati mmene ndinkachitira. Pomaliza analemba pansi ndi zilembo zikuluzikulu: OSACHULUKITSA. Kamtsikana kameneka kali ndi mwano wofatsa.

Atapita ndinatenga kalendala ya pafoni. Ndinayamba pa 20 Januwale. Masabata 22 akanatha pa 23 Juni. Lero ndikanakhala pa makilo 84, ndili kuntchito, impso zanga zili 72. Kusiyana kwake ndi pamene ndili ndi kilo imodzi.

Kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu ndinkauza ana anga akamathamanga ndi mbale.

Lachitatu, 19 Malichi

185. Kapaipi ka pakhosi achotsa, pamatidwa pulasitala.

Asajeni atuluka lero. Mwana wawo anabwera ndi galimoto. Anandisiyira sopo, kapu yawo yaikulu ndi mchere uja, akuti ndikawasungire umboni. Pakhomo anatembenuka n'kunena motsitsa, zimene sindinawamvepo akuchita, "A Mabanzi, mwanayo akabwera musakadzikhululukire pamaso pake, komanso musakadzilire. Mukangomuuza zoona." Bedi lawo alowapo mayi wina wosayankhula. Wodi yangoti zii.

Abambo akuti kuntchito anzanga akufunsa. Akuti amene akuyeza ufa m'malo mwanga akuchulutsa yisiti. Kale ndikanatumiza uthenga waukali. Lero ndangoti asiyeni.

Lachisanu, 21 Malichi

150. BP 146 pa 92. Mawa ndituluka.

Adokotala anabwera okha, opanda gulu la ophunzira limene amayenda nalo, n'kukhala pampando. Dokotala akakhala pansi, dziwa kuti nkhani si yabwino.

"Mayi, impso zanu zadzuka, ndipo tithokoze. Zikusungani mpaka ukalamba mukazisamala. Koma zavulala, ndipo BP imene munalibe mu Januwale tsopano muli nayo. Munthu timamuchotsa impso imodzi tikatsimikiza kuti yotsalayo imunyamula yokha moyo wake wonse. Kwa inu sindingatsimikize."

"Ndikachepetsa bwinobwino? Theka la kilo pa sabata, ndilonjeza. Ndisainira."

"Nkhani sikhalanso ya makilo. Tidzakuyezaninso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, koma sindikufuna mukhale ndi chiyembekezo chimene ine ndilibe. Dzina lanu ndalichotsa pa opereka impso. Mwana wanu tamuika pa mndandanda wa odikira."

"Mndandandawo ndi wautali bwanji?"

"Ndi wautali."

Anafunsa ngati ndikufuna kuti akamuuze okha. Ndinati ayi. Ndinawononga ndine, ndikanene ndine.

Koma sindinachite kutsika. Cha m'ma 3 koloko Mzime anatulukira pakhomo la wodi, atangochoka kumakina, akuyenda mokoka miyendo, thonje lili pamkono. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kupuma kaye mpaka mpweya unabwerera.

"Abambo akuti mutuluka mawa."

"Ee. Koma pali zina."

Ndinamuuza monga anandiuzira adokotala, osawonjezera, osachotsera. Sindinalire. Iye ankayang'ana zikhadabo zake.

"Ndiye tsiku palibe."

"Palibe, mwana wanga. Ndinali nayo m'manja, ndaiwononga ndekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinadikira kuti andikalipire, ndikanakonda atatero. M'malo mwake anati, "Mu Januwale muja ndinawerenga masabata 22 pa kalendala ya kwa achemwali. Ndinazunguliza tsiku la mu Juni. Lolemba lililonse ndinkadula sabata imodzi. Sindinkaona kutalika, amayi. Ndinkaona kuti akutha. Bwanji simunandifunse?"



Kenako anaona pepala la madzi lopachikidwa kumiyendo kwa bedi, analiwerenga, n'kuyang'ana jagi ili patebulo.

"Malita atatu, inu mwamwa imodzi ndi theka. Nthawi yapita."

"Ndimwa bwino lino."

"Mumwa pano."

Anadzaza kapu mpaka m'milomo. Madzi ena anatayikira pa shiti. Iye amaloledwa makapu awiri okha pa tsiku, tiyi ndi msuzi kuwerengera momwemo, ndipo milomo yake inali yong'ambika. Anandigwiritsa kapuyo m'manja n'kudikira mpaka nditaiika pakamwa.

Ndinamwa onse. Iye anayang'ana kukhoma, ndipo ndinamumva akumeza malovu. Kenako anatenga kapuyo n'kuthiranso ena.